Zitsulo Zikayamba Kuvina

Pa 5 July 2011, anthu ogwira ntchito m'zipinda za pamwamba pa nyumba ya TechnoMart mumzinda wa Seoul ku South Korea anamva pansi pakunjanja. Nyumbayi ndi ya nsanjika 39, ndipo kwa mphindi pafupifupi 10 inkagwedezeka chokwera ndi chotsika. Anthu anathawira panja mitima ili m'mwamba, akuluakulu a boma n'kulamula kuti nyumba yonse atulukemo. Koma chivomezi kunalibe tsiku limenelo. Akatswiri atafufuza anapeza kuti gwero lake linali pa nsanjika ya 12, m'chipinda cha masewera olimbitsa thupi, mmene kagulu ka anthu kankadumpha mogwirizana potsatira nyimbo. Anaitanitsa anthu ena kuti adumphe chimodzimodzi, ndipo kumwamba kuja kunagwedezekanso.

Tangoganizani kusiyana kwake. Nyumba yotere imalemera matani masauzande ambirimbiri, pamene odumphawo, kuwaika onse pasikelo, mwina sangakwane n'komwe matani awiri. Zili ngati ntchentche yatera pamsana pa njovu, njovuyo n'kudzandira. Nkhani sinagone pa kukula kwa mphamvu yawo ayi. Inagona pa nthawi imene mapazi awo ankamenyera pansi, pafupifupi maulendo 2.7 pa sekondi, nambala imene inangokumanizana ndi liwiro limene nyumbayo imagwedezeka nalo mwachibadwa.

Poyambira pa sayansi ya kugwedezeka kwa zinthu ndi apa: palibe chinthu chouma gwa mpaka osapindika. Konkire, chitsulo, ngakhale mwala, zonse zimapindika pang'ono zikakankhidwa, n'kubwerera zikasiyidwa. Pobwererapo siziima pamalo pake nthawi yomweyo. Zimapitirira, kenako n'kubwereranso, mpaka mphamvu itatha. Tengani rula, mupanikize mbali imodzi m'mphepete mwa tebulo, mbali inayo ikhale lende, ndiyeno muikanikize pansi n'kuisiya. Imalira. Mukaikokera mkati kuti mbali ya lendeyo ifupike, kulirako kumakwera, chifukwa rula yaifupi ndi youma kwambiri. Mukamata kachitsulo kunsonga kwake, kulirako kumatsika. Zinthu ziwirizi, kuuma ndi kulemera, n'zimene zimapatsa chinthu chilichonse liwiro lake lachibadwa, ndipo amaliyeza m'ma hertz, kutanthauza kuti kangati pa sekondi. Masamu ake ngouma mtima pang'ono: kuti liwirolo liwirikize kawiri, kuuma kuyenera kuwirikiza kanayi. N'chifukwa chake nzeru yakuti "ingowonjezerani zitsulo" kawirikawiri imadya ndalama vuto lili pomwepo, poti chitsulo chowonjezeracho chimabweranso ndi kulemera kwake.

Mlatho kapena nyumba siikhala ndi kavinidwe kamodzi kokha. Ikhoza kuwerama yonse mbali imodzi, ikhoza kupindika pakati ngati njoka, ikhozanso kupotokola, ndipo kavinidwe kalikonse kali ndi liwiro lakelake. Mainjiniya amati amenewa ndi ma mode. Gawo lalikulu la ntchito yawo ndi kudziwiratu ma mode amenewa chinthu chisanamangidwe.

Aliyense amene anakankhapo mwana pa katungwe amadziwa kale chimene akatswiri amachitcha resonance. Simufunika mphamvu zambiri. Mumangokankha pang'ono pa nthawi yake yeniyeni, pamene katungweyo wafika kumbuyo ndipo wayamba kubwerera, ndipo ulendo uliwonse mwanayo amakwera kuposa poyamba. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Mukakankha nthawi yolakwika, ngakhale mutatulutsa mitsempha, mumangomuimitsa. Chimene chimaletsa katungweyo kukwera mpaka kalekale ndi mphamvu imene imatayika m'njira: kukhulana kwa chingwe ndi mtengo, ndiponso mphepo imene mwanayo akuboola. Kutayika kwa mphamvu kotereku ndi kumene amati damping, ndipo pa nkhani yonseyi palibe chofunika kuposa chimenechi. Milatho ndi nyumba zazitsulo zimataya mphamvu yochepa zedi, nthawi zambiri 1 kapena 2 peresenti ya mlingo umene ungachititse kuti zibwerere pamalo osagwedezeka n'komwe. Pa 1 peresenti, mphamvu yobwera pa nthawi yake imatha kusuntha chinthu kuwirikiza ka 50 poyerekeza ndi mphamvu yomweyo itangotsamira phee.

Asilikali anaphunzira zimenezi kalekale. Pa 12 April 1831, mlatho wa zingwe wa Broughton pafupi ndi Manchester unathyoka gulu la asilikali likuguba pamwamba pake. Palibe anafa, ndipo ofufuza anapezanso bawuti yosulidwa molakwika, koma kuyambira pamenepo asilikali a ku Britain analamulidwa kuti akafika pa mlatho azisiya kuguba, aliyense aziyenda mwa iye yekha.

Mlatho umene umatchulidwa kwambiri ndi wa Tacoma Narrows m'chigawo cha Washington ku United States, ndipo ndi womwenso anthu amaufotokoza molakwika. Unatsegulidwa pa 1 July 1940. Pakati pa nsanja zake ziwiri panali mamita 853, koma msewu wake unali wopapatiza, pafupifupi mamita 12, wogwiridwa ndi zitsulo zathyathyathya zotseka m'mbali, zakuya mamita 2.4 okha. Unali wokongola, wopepuka, ndiponso wotsika mtengo. Ukumangidwa kumene unali utayamba kale kudumphadumpha kukakhala kamphepo, mpaka anthu anaupatsa dzina lakuti Galloping Gertie, ndipo ena ankabwera dala kudzayendetsa galimoto kuti aone galimoto ya patsogolo ikubisika n'kuonekeranso. M'mawa wa pa 7 November chaka chomwecho, mphepo ikuthamanga makilomita pafupifupi 65 pa ola, kavinidwe kanasintha. Msewu unayamba kupotokola, mbali imodzi ikukwera inayo ikutsika, kamodzi pa masekondi asanu alionse. Patatha pafupifupi ola limodzi gawo la pakati linagwera m'madzi. Munthu sanafepo. Anafa ndi galu yekha amene anatsala m'galimoto.

Kwa zaka zambiri mabuku a sukulu ankati imeneyi inali resonance wamba, kuti mphepo inkawomba mwa apo ndi apo mogwirizana ndi mlathowo. Mu 1991 akatswiri awiri, Yusuf Billah ndi Robert Scanlan, analemba nkhani yotsutsa zimenezi, ndipo mfundo yawo ndi imene mainjiniya a milatho amaitsatira. Mphepo ya tsiku lija inalibe kayimbidwe koti n'kufanana ndi kupotokola kuja. Chimene chinkachitika n'chakuti msewu ukapendekeka pang'ono, mpweya wodutsa pamwamba ndi pansi pake unkasintha njira, n'kupanga kamvuluvulu amene ankaukankhira mbali yomwe ukupita kale. Ukamabwerera, zinkachitikanso chimodzimodzi. Tingati mlathowo unkadzikankha wokha pa katungwe, mphepo ikungoupatsa mphamvu. Kusiyana kumeneku si kukangana pa mawu chabe. Resonance wamba mumaithawa posuntha liwiro lachibadwa kuti lisakumane ndi la chinthu chokankhacho. Koma kugwedezeka kodzidyetsa kokha, kumene amati flutter, kulibe liwiro lina loti mulithawe. Mphepo ikangopitirira mlingo winawake, mphamvu yolowa imaposa yotayika, basi kugwedezeka kumangokulirakulira. Mlatho watsopano wa pamalopo, wa mu 1950, anaumanga ndi zitsulo zopingasana zoti mphepo izidutsa, ndipo anayamba ayesa kachifaniziro kake m'ngalande youzira mphepo. Kuyambira nthawi imeneyo kuyesa kotereku kunasanduka mwambo pa milatho italiitali.

Mphepo ili ndi masewera enanso ang'onoang'ono. Ikamadutsa pa chinthu chobulungira ngati waya kapena chumuni, imasiya timivuluvulu kumbuyo, kamodzi kumanja kamodzi kumanzere, ndipo n'chifukwa chake mawaya amaimba kukamawomba mphepo. Mukadzaona tizitsulo tooneka ngati mafupa a galu titapachikidwa pa mawaya akuluakulu a magetsi pafupi ndi nsanja, dziwani kuti si zokongoletsa. Anatulukira ndi George Stockbridge m'ma 1920, ndipo ntchito yake ndi kumwa kunjenjemera kuti waya asaduke pogwirira. Nazonso nthiti zopota zimene zimazungulira machumuni ataliatali azitsulo n'zosokoneza timivuluvulu timeneti kuti tisamachoke mogwirizana.

Munthu angaganize kuti pofika chaka cha 2000, makompyuta ali mbwee, zodzidzimutsa zinali zitatha. Pa 10 June 2000 ku London anatsegula Millennium Bridge, mlatho wa anthu oyenda pansi wowoloka mtsinje wa Thames. Tsiku loyambalo panadutsa anthu pafupifupi 90,000, nthawi zina okwana 2,000 pa kamodzi, ndipo mlatho unayamba kugwedezekera m'mbali mpaka mamilimita 70. Anthu ankagwira zitsulo za m'mbali, ena akuyenda chotangadza. Patatha masiku awiri unatsekedwa. Okonza mapulani anali atawerengera bwinobwino mphamvu ya mapazi yopondera pansi, imene imabwera pafupifupi kawiri pa sekondi. Chimene malamulo omangira a nthawiyo sankachilabadira n'chakuti munthu poyenda amakankhiranso pansi cham'mbali, phazi lamanja uku lamanzere uko, kamodzi pa sekondi. Pamalo olimba timphamvu timeneti timafafanizana chifukwa aliyense ali ndi mayendedwe ake. Koma pansi pakayamba kusuntha, munthu amasintha kapondedwe kuti asagwe, ndipo kusinthako kumawonjezera mphamvu ku kugwedezeka komweko.

Mainjiniya a kampani ya Arup, imene inakonza nawo mapulani a mlathowo, anachita chinthu chosavuta kumva. Anatenga anthu n'kumawawonjezera pa mlathowo pang'onopang'ono. Pa gawo lakumpoto, anthu 156 ankayenda popanda vuto lililonse. Atawonjezera 10 okha, mlatho unayamba kuvina. Ndi khalidwe lomwe lija la ku Tacoma, loti zonse zili bwino mpaka pamzere winawake, ukangodumpha mzerewo zinthu n'kusinthiratu. Mankhwala ake sanali kuumitsa mlathowo, chifukwa zikanafuna zitsulo zochuluka moti maonekedwe ake akanawonongeka. Anaikamo zipangizo 37 zokhala ndi madzi olemera ngati mashoko a galimoto, ndi zina 52 zazitsulo zolemera zokhala pa masipuling'i. Zinadya mapaundi pafupifupi 5 miliyoni, ndipo mlatho unatsegulidwanso mu February 2002. Ofufuza akupitirizabe kukambirana ngati anthu amayamba ndi kuponda mogwirizana kenako mlatho n'kugwedezeka, kapena ngati kuponda mogwirizanako kumabwera pambuyo. Kafukufuku wa zaka zaposachedwa akutsamira ku mfundo yachiwiriyi.

Ku makina ozungulira nkhaniyi ndi ya tsiku ndi tsiku, osati ya kamodzi pa zaka 60. Fani, pampu, mota, turbine (gudumu la mapiko lozunguliritsidwa ndi madzi kapena nthunzi), chilichonse chimene chili pa shafuti, chitsulo chapakati chozungulira chija, chimakhala cholemera mbali imodzi ngakhale pang'ono chabe. Tiyerekeze kuti pa fani yaikulu pakakamira dothi lolemera magalamu 10, pa mtunda wa masentimita 20 kuchoka pakati, ndipo faniyo ikuzungulira maulendo 3,000 pa mphindi. Kadothi kameneko kamakoka shafuti ndi mphamvu yofanana ndi katundu wa makilogalamu 20, ndipo mphamvuyo imazungulira ka 50 pa sekondi, ikumenya ma bearing, tizipangizo togwira shafutiyo kuti izizungulira mosalala, mbali zonse. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvuyo imafika pa makilogalamu 80. Apa m'pamene munthu amamvetsa chifukwa chake okonza matayala amavutikira kumata tizitsulo ting'onoting'ono pa limu.

Shafuti nayo ndi rula yomwe ija, ili ndi liwiro lake lachibadwa. Makina akamazungulira pa liwiro lofanana nalo, shafuti imapindika n'kumazungulira ngati chingwe chodumphira. Amene anaonapo makina ochapira zovala akuyamba kukamula amadziwa zimenezi. Pamakhala kanthawi kamene amagwedera ngati athawa pamalo, kenako liwiro likakwera amadekha n'kumangolira bwinobwino. Mu 1869 William Rankine wa ku Scotland, katswiri wolemekezeka kwambiri, anawerengera kuti shafuti singayende bwino kupitirira liwiro loopsali, ndipo ambiri anamukhulupirira. Patatha zaka 20, Gustaf de Laval wa ku Sweden anangochita zomwe ankati n'zosatheka. Anaika turbine yake ya nthunzi pa shafuti yopyapyala dala, n'kuithamangitsa kudutsa liwirolo, ndipo kumtunda kwake inayenda mosalala. Chifukwa chake n'chodabwitsa: pamwamba pa liwiro loopsa, gudumu limayamba kuzungulira pa phata la kulemera kwake, ngati ladzipezera lokha pakati. Henry Jeffcott anafotokoza masamu ake momveka bwino mu 1919. Lero ma turbine akuluakulu a m'malo opangira magetsi amagwira ntchito pamwamba pa liwiro loopsa loyamba, ena ngakhale lachiwiri. Lamulo kwa oyendetsa ndi lakuti polidutsa asazengereze.

Nthawi zambiri kugwedezeka sikugwetsa chinthu tsiku limodzi. Kumadya mwakachetechete. Waya amene simungamudule pokoka mumamudula pomupinda uku ndi uku kangapo, ndipo zitsulo za makina zimatopa mwa njira yomweyo, ngakhale kupindikako kukhale kosaoneka ndi maso. August Wöhler anayesa zimenezi ku Germany m'ma 1850 ndi m'ma 1860 pa ma ekiselo a sitima za pamtunda, amene ankathyoka atanyamula katundu wochepera mphamvu yawo. Makina a maulendo 3,000 pa mphindi amapinda shafuti ndi mabawuti ake maulendo 4,320,000 pa tsiku limodzi. Kamng'alu kakayamba pa mano a bawuti, kamakula pang'ono ulendo uliwonse.

Pa 17 August 2009, pamalo opangira magetsi a madzi a Sayano-Shushenskaya pa mtsinje wa Yenisei ku Russia, mabawuti ogwira chivundikiro cha turbine yachiwiri anaduka. Madzi anakankhira m'mwamba makina olemera matani mazanamazana, nyumba ya makina inasefukira, ndipo anthu 75 anafa. Ofufuza anapeza kuti mabawuti ambiri anali ndi ming'alu yakalekale ya kutopa, ena analibe ndi manati omwe. Turbine imeneyi inkakwezedwa ndi kutsitsidwa mphamvu mobwerezabwereza, ikudutsa m'chigawo chimene madzi amaigwedeza kwambiri, ndipo zipangizo zoyezera zinali zikuonetsa kwa nthawi yaitali kuti kugwedezeka kwapyola malire ololedwa. Amati tsoka silinunkha, koma ili linanunkha. Panasowa woimitsa makina.

Amakaniko akale ankagunditsa nsonga ya sikuludiraiva pa bearing, chogwirira chake n'kuika pakhutu, ndipo ankadziwa kuti mkatimo mwayamba mchenga. Zimene zimachitika lero ndi khutu lomwelo, koma lakuthwa. Kachipangizo kotchedwa accelerometer amakamata pa makina ndi maginito kapena bawuti, ndipo kamasandutsa kunjenjemera kukhala magetsi. Mzere umene umatuluka pa kompyuta umaoneka ngati zolembalemba za mwana. Koma masamu a Joseph Fourier wa ku France, a kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, amaphwanya mzere wosokonekerawo kukhala mafunde osiyanasiyana, lililonse ndi liwiro lake, ndipo njira yachangu yowerengera imene James Cooley ndi John Tukey anafalitsa mu 1965 inachititsa kuti ntchitoyi izitheka m'kanthawi kochepa. Tsopano, pa chithunzi chosonyeza kukula kwa funde lililonse pa liwiro lake, matenda alionse a makina amaoneka ndi chizindikiro chake. Nsonga yaitali pa liwiro lenileni la shafuti kawirikawiri imasonyeza kulemera mbali imodzi. Nsonga ya pa liwiro lowirikiza kawiri imakayikitsa kuti mota ndi pampu sizinalunjikane. Mabawuti omasuka amatulutsa mndandanda wa nsonga zambiri, pamene bearing yokumbika imagogoda pa liwiro limene mungaliwerengeretu mukadziwa kuchuluka ndi kukula kwa timipira take, ndipo imayamba kugogoda kudakali milungu kapena miyezi isanafe. Kuwerenga zithunzi zimenezi kumafunabe munthu wozolowera, chifukwa matenda awiri osiyana amatha kuvala nkhope imodzi. Ofufuza ambiri masiku ano akuphunzitsa makompyuta kuchita ntchitoyi, koma vuto lawo n'loseketsa: makina osamalidwa bwino safa kawirikawiri, choncho zitsanzo zophunzitsira za makina akufa n'zosowa.

Chivomezi ndiye mayeso aakulu. Cha pa 19 September 1985 chinayambira kugombe la Michoacán, makilomita oposa 300 kuchoka ku Mexico City, komabe mzindawu ndi umene unawonongeka koopsa. Pakati pa mzindawu panali nyanja kale, ndipo dongo lofewa la pansi pake linakuza mafunde obwera kamodzi pa masekondi awiri. Nyumba zimene zinagwa kwambiri zinali za nsanjika 6 mpaka 15. Zambiri mwa izo mwachibadwa zinkagwedezeka mofulumirirapo kuposa dothilo, koma zitayamba kung'aluka zinafewa, liwiro lawo n'kutsikira m'kamwa mwa mafunde aja. Nyumba zazifupi zambiri zinapulumuka, ndipo Torre Latinoamericana, ya nsanjika 44, imene imagwedezeka pang'onopang'ono kuposa dothilo, inaima chilili.

Njira zodzitetezera zimaoneka ngati zotsutsana ndi nzeru wamba. Ina ndi kufewetsa m'malo moumitsa. Bill Robinson wa ku New Zealand anatulukira m'ma 1970 mitsamiro ya labala ndi zitsulo zosanjikizana yokhala ndi mtovu pakati. Nyumba ikakhala pa mitsamiro yotere, nthaka imathamanga uku ndi uku pansi pake, iyo ikungotsetsereka mwaulesi, mtovu uja ukupindika n'kusandutsa mphamvu kukhala kutentha. Ina ndi kupatsa nyumba mnzake wovina naye mosemphana, nzeru imene Hermann Frahm wa ku Germany anailembetsa mu 1909. Mu Taipei 101 ku Taiwan, nyumba yotalika mamita 508, muli chimpira chachitsulo cholemera matani 660, chachikulu mamita 5.5, cholendewera pa zingwe pakati pa nsanjika ya 92 ndi 87. Zingwezo anaziyeza kuti chimpiracho chizilendewera pa liwiro la nyumbayo. Nyumba ikapita kumanja icho chimatsalira, n'kumaikokera kumbuyo, ndipo mashoko akuluakulu a pansi pake amamwa mphamvuyo. Pa mphepo yamkuntho ya Soudelor mu August 2015 chinasuntha mita yathunthu. Cholinga chake chachikulu si kuletsa nyumba kugwa ayi, koma kuti anthu a m'zipinda za pamwamba asamachite chizungulire, poti thupi la munthu limayamba kudandaula chitsulo chisanamve kanthu.

Makompyuta a lero amagawa mlatho kapena injini m'tizidutswa mamiliyoni n'kuwerengera ma mode ake molondola ndithu, chifukwa kuuma ndi kulemera zimawerengeka kuchokera pa pulani. Damping ndiye imakana. Mphamvu yambiri imatayikira m'malo olumikizira, pamene bawuti yafinya zitsulo ziwiri zimene zikukhulana mosaoneka, m'ming'alu ing'onoing'ono ya konkire, m'makoma ogawa zipinda, ngakhale m'matupi a anthu okhala pansanja ya bwalo la mpira. Zimenezi zimasintha ndi kukula kwa kugwedezeka, kutentha, ndi ukalamba wa chinthucho. Nyumba ziwiri zomangidwa pa pulani imodzi zimatha kusiyana. N'chifukwa chake dziko la Japan, chitachitika chivomezi cha ku Kobe mu 1995, linamanga E-Defense mumzinda wa Miki, tebulo la mamita 20 m'litali ndi 15 m'lifupi lotha kugwedeza nyumba yeniyeni yolemera matani 1,200 mpaka igwe. N'chifukwa chakenso ndege yatsopano isanauluke amaikhazika pa zinthu zofewa n'kuinjenjemeretsa ili pansi, ma accelerometer mazanamazana ali m'mapiko. Ndipo m'fakitale, pampu yatsopano ikavuta, injiniya amabwerabe ndi hamala yokhala ndi kachipangizo koyezera kunsonga, n'kumata accelerometer pa chitsulo, kugogoda kamodzi, n'kuyang'ana pa kompyuta kuti kulirako kutenga nthawi yaitali bwanji kusanazilale.